Chala Chopanda Mizere

Kuno ku Baixa Seca, aliyense woswa mtedza wa mbibu amalipira ndi zala zake. Timauwotcha pa lata, timauswa ndi kamtengo, ndipo mafuta akuda a m'makoko mwake amadya khungu pang'onopang'ono mpaka chala kusalala ngati sopo wotsala pang'ono kutha. Ine Creuza ndagwira ntchitoyi pa benchi limodzi ndi Zuleide chiyambire utsikana wathu, ndipo za mizere ya pachala sitinkalabadira n'komwe. Mizere amadya?

Tinayamba kuilabadira mwana wake Josenildo atamangidwa. Kulakwa analakwadi, sindimuikira kumbuyo, koma mwana ndi mwana. Uthenga utabwera wakuti akutsokomola magazi m'ndendemo, Zuleide anamanga kuskuzi, chakudya chathu cha ufa wa chimanga, ndi nyama yowuma m'kansalu, ine n'kumuperekeza pa basi ya m'tauni.

Pachipata cha ndende anali ataikapo kabokosi ka galasi kowerenga mizere ya pachala. Wodzaona mkaidi amaika chala, kakayaka kobiriwira chitseko chimatseguka chokha. Zuleide anaika chake. Kanayaka kofiira.

"Pukutani chalacho, mayi," anatero mlonda, bambo wa imvi dzina lake Aldemir.

"Ndapukuta, bwana."

"Yesani china."

Anayesa zala zonse, manja onse awiri. Kofiira kokhakokha.

"Makina akuti sakuona munthu."

Pamenepo mtima unandiwira. "Sakuona munthu? Nanga waima apayu ndi mbuzi? Chitupa chake ichi, nkhope yake iyi. Inuyo maso mulibe?"

"Maso ndili nawo, mayi," anayankha mosakweza mawu. "Kale tinkalowetsa ndi maso omwewa, inu nomwe n'kumadandaula kuti alonda tikudya ziphuphu, wolemera akulowa, wosauka akubwezedwa. Ndipo simunkanama. N'chifukwa chake anabweretsa aka. Aka sikadya chiphuphu."

"Sikadya chiphuphu, komanso sikanaberekepo mwana!"

"Ndikatsegula ndi dzanja, kamera iyo ikundiona. Mawa ana anga adya chiyani?" Kenako anatembenukira kwa Zuleide. "Tasiyani mtedzawo kwakanthawi, mayi. Mizere imameranso."

Kunena n'kosavuta. Inali nyengo yokolola, nthawi yokhayo imene moto umayaka kawiri pa tsiku m'nyumba zathu. Koma Zuleide anasiya. Ankadzola mafuta a kokonati, kukulunga manja m'nsanza, n'kukhala pakhonde ngati wodwala pamene ife tikuswa. Nyemba zanga tinkagawana, ufa wa chinangwa ankabweretsa anzathu. Kuti ndikalowe m'malo mwake sizikanatheka, zala zanga n'chimodzimodzi. Mudzi wonse panalibe mzimayi amene kabokosi kaja kakanamuyesa munthu.

Tinapita ku ofesi ya ndende. Anati pempho lapadera amatumiza pa foni, ndipo yankho lidzabwera pa foni pomwepo. Tinatumiza. Foniyo Zuleide ankagona nayo pachifuwa, koma sinalire.

Tsiku lililonse loona akaidi tinkakwera basi, kukaika chala, kubwerera ndi kuskuzi wathu atazizira. Ulendo wina mkazi wa mkaidi mnzake anatuluka n'kutipeza panja.

"Ndinu mayi a Josenildo? Watha thupi mwana uja, asisi. Akufunsa kuti, kodi amayi anditaya?"

Zuleide anagwada pamiyala pomwepo, n'kuyamba kukuwa cha kukhoma, "Nildo! Ndili panja pano, mwanangu! Sindinakutaye!" Khomalo ndi lalitali ndipo kuseri kwake kuli linanso. Anakuwa mpaka mawu anasasa. Ine ndinalira ngati mwana, chifukwa panalibe woti ndim'tukwane n'kumva.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ankamasula nsanza zija n'kupenda zala padzuwa. "Creuza, taona, si mzere uwu?" Ndinkavomera ngakhale sindinkaona kanthu. Koma tsiku lina ndinauonadi, woonda ngati ulusi, ukuzungulira pa chala chachikulu. Anaseka, koyamba chimangidwire mwana wake. Anaphika kuskuzi watsopano, n'kuvala diresi lake la ku tchalitchi.

Titafika pachipata, Aldemir anatiwona tisanaime n'komwe pamzere. Anavula chipewa, n'kutsegula kachitseko ka pambali kamene sitinakaonepo kali kotsegula.

"Mayi a Josenildo, dzerani uku."

"Ayi bwana, lero ndiika chala. Taonani, yamera!"

"Uku sikufunika chala, mayi." Anayang'ana pansi. "Watisiya m'mawa uno. Odzatenga maliro amangolowa."

Ndinam'gwira Zuleide pa mkono, koma anandikankha, n'kudutsa anthu onse a pamzere mpaka pa kabokosi kaja. Anapukuta chala pa diresi, n'kuchiika mosamala. Kanayaka kobiriwira. Chitseko chinatseguka chokha.

"Chatseguka, Creuza!" anatero, atakumbatira kansalu ka kuskuzi. "Tiye msanga, mwana akundidikira."