Aneba Atatembenuka Mtima

Ku Tunapuna kunalibe munthu wosadziwa kuti Osmond Pilgrim, woimba kalipso amene pansanja ankatchedwa Bwana Mavu, ankadyera machimo a munthu mmodzi. Munthuyo anali Leopold Gittens, woyandikana naye nyumba. Pakati pawo panali mpanda wa malata wolekeza m'chiuno, ndipo mpanda umenewo ndiwo unali munda wa Mavu. Ankangoyedzamira pamenepo m'mawa, khofi ali m'manja, nyimbo n'kumera yokha.

Oimba anzake ankavutika ndi nyuzipepala, kusakasaka nduna yoti aitukwane. Iye ayi. Chaka china Gittens ataledzera anagona m'galimoto yonyamula maliro, n'kukadzidzimukira kumanda abusa ali mkati mwa pemphero. Olira anathawa kusiya nsapato, ndipo nyimboyo inavinidwa mpaka ku San Fernando. Chaka china anagulitsa mphaka wa apongozi ake ngati nyama yakutchire. Chinanso anatomera atsikana awiri apachibale, aliyense n'kumuuza kuti iye anabadwa mapasa, ndipo winayo akuyenda ndi mnzake wamapasayo. Zaka makumi awiri zinatha choncho, Gittens akuchimwa, Mavu akuimba, ndipo Verna, mkazi wa Mavu, akupachika makatani atsopano Khirisimasi iliyonse.

Mavu anali ndi lamulo limodzi limene ankalinyadira kuposa ana ake obereka yekha. "Kalipso sinama," ankatero. "Chimene sichinachitike, ine sindiimba."

Ndiye Lamlungu lina tsoka linagwa. Gittens anabwera kuchokera kumtsinje atavala mkanjo woyera wonyowa, belu lili m'manja, nkhope ili phee ngati mwana wokhuta bere.

"Aneba, ndikumva mwabatizidwa?" anafunsa Mavu ali pampanda.

"Ndasambitsidwa, achimwene. Gittens wakale uja watsala m'madzi."

"Nanga munandifunsa ine?"

"Kufunsa chiyani?"

"Chikondwerero cha Kanivo chili pakhomopa, inu n'kumakasamba! Simukanadikira Lachitatu la Phulusa ngati anthu ena onse?"

"Ambuye sayang'ana kalendala, aneba," anayankha Gittens, n'kuliza belu lake kamodzi.

Mavu anadzilimbitsa mtima kuti ndi za masiku ochepa. Koma sabata zinadutsa, munthu uja akungothirira maluwa ndi kupatsa moni agalu. Mantha anamugwira Mavu. A Ramdeen, eni tenti imene oimba amapikisanamo Kanivo isanafike, anali atamuuza kale mosapita m'mbali: "Anyamata ali pamzere, Mavu. Ukabwera chimanjamanja, malo ako ndipereka kwa wina." Ndipo Mavu popanda nsanja akanakhala yani? Osmond chabe, mkulu wa mimba yaikulu wosadziwa ngakhale kukhoma msomali.

"Ingopekani bodza," anatero Verna akusenda chinangwa. "Ndani akafufuze?"

"Ine? Bodza? Bola ndife."

"Ifani tsono, koma makatani ndasankha kale."

Poti bodza linali loletsedwa, Mavu anaganiza zothandiza choonadi kuti chichitike. Anagula botolo la mowa wabwino wa ramu, n'kuliimika pamtengo wa mpanda, iye n'kubisala m'nthochi. Gittens anabwera, analitenga, mtima wa Mavu n'kudumpha. Koma mkuluyo anangolipukuta fumbi ndi mkanjo, n'kulunjika kunthochi komweko.

"Aneba, mwaiwala katundu wanu padzuwa. Komatu musakhalitse m'menemo, muli nyerere."

Chifukwa cha chisoni Mavu anamwa yekha botolo lonse. Anadzuka dzuwa lili pamutu, ali m'khola la nkhuku za Gittens, thadzi litamuikira dzira m'chipewa. Wina anali atamufunditsa thumba kuti asazizidwe.

Mowa utalephera, anakumbukira kuti Gittens wakale sankadutsidwa ndi siketi. Koma mkazi woti am'tume analibe, ndipo kupempha Verna kunali kudziputira nkhondo. Choncho masana ena Verna atapita kumsika, Mavu anavala diresi yake yakutchalitchi, yobiriwira ija, ndi chipewa cha maluwa. Anadutsa pakhomo pa Gittens akugwedeza chiuno, anabwerera, n'kudutsanso.

"Mwaswera bwanji, a Pilgrim?" anatero Gittens ali pakhonde. "Yakukhalani ndithu. Kungoti zipi kumbuyoko yakana."

Apa Mavu anaona kuti chatsala n'chimodzi, kumukwiyitsa. Munthu wopemphera akatukwana pamsewu, imeneyo ndi nyimbo kale. Analowa m'bwalo la Gittens dzuwa likuswa mtengo, anamasula mbuzi yake yamkaka, n'kuyamba kuikoka akufuula kuti mudzi wonse umve.

"Ndikuba mbuzi! A Gittens, ndikukuberanitu! Tulukani munditukwane ngati mwamuna!"

Gittens anatuluka atanyamula ndowa. "Mwaiwala chokamira, achimwene. Muziikama m'mawa, koma manja akhale ofunda. Imadana ndi manja ozizira."

Mbuzi ija inagona kukhitchini kwa Verna, ndipo pofika m'mawa inali itadya dzanja limodzi la jekete yofiira imene Mavu ankaimbira.

Tsiku lotsegulira tenti linafika. Mavu anakwera pansanja ndi jekete ya dzanja limodzi, atanyamula nyimbo yokhayo yoona imene anali nayo: yonena kuti mvula ikagwa kumapiri, mitsinje imadzaza. Anthu anadikira kuti Gittens alowa m'ndime yachiwiri. Sanalowe. M'ndime yachitatu mvula inali ikugwabe.

"Gittens ali kuti?" anakuwa mayi wina kumbuyo. "Ife tadzera Gittens, osati zanyengo!"

Kenaka mapepala akuchimbudzi anayamba kutuluka m'zikwama. Anthu akwathu sapita kutenti opanda mpukutu, ndipo woimba akawabowa amaukweza m'mwamba n'kumaugwedeza, uthengawo aliyense amaumva. Zaka zonsezi Mavu ankaseka anzake akamaonetsedwa mapepala. Lero tenti yonse inayera mbuu chifukwa cha iye. Anatsika, n'kukakhala pambali pa Verna.

A Ramdeen anatenga chimkuzamawu. "Musapite, abale! Tili ndi woimba watsopano, sanakwerepo pansanja chibadwire. Manja kwa M'bale Belu!"

Anatulukira Gittens, mkanjo woyera uli mbee. Analiza belu, oimba malipenga n'kulowa. Mawu ake anali ngati chitseko cha dzimbiri, koma ndani ankamvera mawu? Anaimba za mkulu wina amene anagona ndi nkhuku mpaka kuikiridwa dzira m'chipewa. Anaimba za diresi yobiriwira ndi zipi yokana. Pofika pa wakuba woitana mwini mbuzi kuti adzaone, anthu anali akugwa m'mipando. Dzina sanatchule, koma mitu yonse inatembenukira ku jekete ya dzanja limodzi.

Mavu anafunafuna bodza m'nyimbomo kuti aimirire n'kutsutsa. Munalibe ngakhale limodzi. Chimene chinamupweteka koposa n'choti nyimboyo inali yabwino. Anthu anamubwerezetsa Gittens katatu, ndipo kachitatuko Verna nayenso anali akuthira mang'ombe.

"Iwenso?" anatero Mavu.

"Ndiye diresi yanga inafutukuka chifukwa cha inu? Khalani chete ndimve."

A Ramdeen sanachite kubwera kudzamuuza za malo ake. Anangomukwezera chipewa ali patali.

M'mawa mwake m'nyumba munalibe buledi. Mavu anafika pageti, n'kumva oyendetsa matakisi akuimba za mbuzi, mayi wogulitsa mikate ya roti akuwayankha. Wina atamuona analira ngati thadzi. Mavu anabwerera mwamanyazi, n'kukayedzamira pampanda wake uja. Gittens anali tsidya linalo akuthirira maluwa.

"Aneba," anatero Mavu motsitsa mawu, "zaka zonse zija, inu buledi munkakagula bwanji?"

"Sindinkapita ine. Ankapita mwana wanga Ilene, mpaka anatopa n'kumaimbiridwa za bambo ake pamzere. Mumayesa ku Tobago anapitira chiyani? Chaka chino n'chachisanu ndi chiwiri asanapondeko kuno."

Mavu ankamukumbukira bwino mtsikanayo. Ankadutsa pageti pake atazolika, ndipo iye ankayesa ndi ulemu.

Gittens analowa m'nyumba, n'kubwera ndi theka la buledi, n'kumupatsira pamwamba pa malata.

"Idyani, achimwene. Chaka choyamba ndicho chimawawa."

"Choyamba?"

"A Ramdeen akuti chaka chamawa ndibwere ndi ina," anatero Gittens, n'kubwerera kumaluwa ake.

Mavu anaima pomwepo, buledi ali m'manja. Kenaka anaona kuti pamtengo wa mpanda paja paimikidwa botolo latsopano la ramu, lopukutidwa bwino, ndipo chivindikiro chake chinali chomasula kale.