Asilikali a Mtovu a Hilario

"Njinga ayi," anatero Clotilda, dzanja lili pa chishalo. "Tengani jekete, tengani wailesi, tengani nsapato. Njinga ayi."

Linali tsiku lachitatu chiikire maliro a mwamuna wake, Hilario. Anthu anali atameta m'mawa womwewo, ndipo katundu wa malemu anali atayalidwa pa mphasa pakhonde kuti agawidwe. Augustino, mng'ono wa malemu, msodzi wa ku Tengani, anali atazungulira njingayo katatu, akudina matayala ndi chala.

"Mlamu, katundu wa mwamuna amapita kwa abale ake. Sindinayambitse ndine zimenezi."

"Nanga thonje langa likafika bwanji ku Ngabu? Pamsana panu?"

"Nkhabe, ayi, mlamu, musakalipe. Tili pamaliro."

"Maliro tinaika dzana. Lero tili pa njinga."

Priska, mwana wamkulu wa malemu, amene anabwera kuchokera ku Nchalo ndi khanda kumbuyo, anawerama. Akuluakulu awiri amene anakhala pansi pa mtengo anachita ngati akuyang'ana mbuzi.

Kumapeto kwa mphasa kunali bokosi la matabwa limene panalibe analifunsa. Clotilda analikankha ndi phazi, koma silinasunthe.

Bokosi limeneli linamutopetsa zaka khumi ndi zisanu. Hilario anali khukhi wa mzungu wina wa ku esiteti ya nzimbe, ndipo mzunguyo anali ndi matenda oseweretsa tiasilikali totalika ngati chala, tina ta mtovu, tina ta pulasitiki. Loweruka lililonse ankatindanditsa patebulo, n'kumaponya madayisi, n'kumayeza ndi rula kuti awa ayende mpaka pati, awo aphedwe angati. Hilario anatengera matendawo. Pochoka, mzungu uja anamusiyira bokosi lonse ndi titini ta penti. Anzake anasiyiridwa mafiriji ndi makina osokera. Iye, tidole.

Kuyambira pamenepo, pobwera kumunda, munthu wamkulu wa ndevu zake ankakhala pakhonde, lilime lili panja, akupaka mabatani pa malaya a kanthu kosadya, kosalima. Burashi itatha anapanga yake ndi ubweya wa kumchira kwa mphaka. Mphakayo anasamuka. Chaka china, pamene nkhondo inakula kutsidya ku Mozambiki, oyendera makadi a chipani anafika mwadzidzidzi, ndipo anali Clotilda amene anathamanga kukakwirira bokosilo m'nkhokwe ya mapira. Ndani akanamvetsa kuti mfuti zazing'ono ngati minga n'zoseweretsa?

Tsopano Clotilda analiyang'ana bokosilo, n'kumuyang'ana Augustino.

"Mlamu, ukonde wanu mumaumiza ndi chiyani?"

"Miyala."

"Miyala! Imene imaduka tsiku ndi tsiku? Tanyamulani bokosi ilo."

Augustino anawerama, n'kulinyamula, n'kulitsitsa msanga. Anatsegula. M'kati munali mizere ya asilikali ogona pa thonje, a malaya ofiira, a malaya obiriwira, ena pa mahatchi.

"Mtovu wokhawokha," anatero Clotilda. "Musungunule, mumange ku ukonde, uzimira ngati ng'ona. Apulasitikiwo mukapatse ana. Njinga ikathyoka sipokosi ku Tengani mukaigula kuti? Mtovu suthyoka."

"Amayi!" anatero Priska.

"Iwe khala chete, yamwitsa mwana."

Augustino anakanda m'mutu. "Ndi jekete lomwe?"

"Ndi jekete lomwe."

"Ndi wailesi?"

"Wailesi ilibe mabatire, koma tengani."

Akuluakulu aja anagwedeza mitu kuti amva. Nkhani inatha. Clotilda analowetsa njinga m'nyumba, n'kupuma mpweya wautali koyamba chiyambire sabata.

Potuluka anapeza Augustino atakoka mbaula, ataikapo chitini. Ankafuna kuona ngati unalidi mtovu, asananyamule katundu wolemera mpaka kwawo. Anatola msilikali mmodzi wa malaya ofiira n'kumuponyamo. Penti inachita thovu, inada, inanunkha. Miyendo inapinda, kenako munthu yense anasanduka dontho lonyezimira.

Priska anayamba kulira.

"Misozi ina usunge," anatero mayi ake. "Bambo ako si amene ali m'chitinimo."

"Pyadidi, ndi mtovu weniweni," anatero Augustino, akumwetulira. Anapisanso dzanja m'bokosi, n'kutulutsa wina wamkulupo, wokwera hatchi yoyera, amene anali atakulungidwa payekha m'kansalu. "Uyu yekha akwana miyala iwiri. Koma achimwene analinso ndi nthabwala. Msilikali wovala duku?"

"Mwati chiyani?"

"Duku. Taonani."

Clotilda anamulanda. Maso ake sanali akuthwa ngati kale, choncho anatuluka padzuwa, n'kutambasula mkono. Chipewa cha msilikaliyo chinali chitapalidwa ndi tupa mpaka kukhala chozungulira, ndipo chinapakidwa chikasu, ndi timadontho tofiira tating'ono ngati mbewu za fodya. Kumbuyo kunali mfundo. Duku imeneyo anaidziwa. Anaivala mpaka inang'ambika chaka cha madzi osefukira. Nkhope inali yakuda, osati yofiirira ngati ya enawo. Pa tsaya lamanzere panali kachipsera, pamalo pomwe iye anapsa ndi mafuta ali mtsikana. Lupanga linali m'mwamba, kamwa lili yasa.

"Ameneyu ndani?" anafunsa, ngakhale ankadziwa.

"Ndi mkulu wa nkhondo," anayankha Priska, akupukuta mphuno. "Ndili mwana ndinkawaponyera madayisi. Lamulo lake n'lakuti ameneyo akagwa, gulu lonse limabalalika, masewera atha. Ababa sankalola kuti agwe. Dayisi ikagwa moipa ankati tebulo lapendekeka, tiponyenso."

"Ndiye anandijambula ndikukalipa."

"Ankati mukulamula."

Clotilda anamufumbata msilikaliyo m'dzanja. Kenako anatembenuka.

"Mlamu, chotsani chitini pamotopo."

"Tagwirizana kale, mlamu. Akuluakulu amva."

"Amva, ndipo amvanso. Tsekani bokosi."

"Ndiye mukhale ndi mmodziyo, ena onse nditenge."

"Mkulu wa nkhondo wopanda anthu azilamula nkhuku? Onse."

Augustino anayang'ana kukhomo la nyumba. Njinga inali komweko. Clotilda analowa, n'kutulutsa njinga ija, n'kuikankhira kwa iye mwamphamvu moti belu linalira lokha.

"Amayi, nanga thonje?" anafunsa Priska.

"Mutu ndili nawo. Ndinkasenza katundu iwe usanabadwe."

"Ndi pampu yomwe, mlamu?" anatero Augustino.

"Pampu ayi. Jekete vulani. Wailesi ikani pansi."

Dzuwa litapendeka Augustino ananyamuka akukankha njinga, chifukwa tayala lakumbuyo linali litaphwa. Akuluakulu anatsazika. Priska anapita kumjigo.

Clotilda anakokera bokosi pa tebulo la pakhonde. Sankadziwa kuti ofiira amaima kuti, obiriwira kuti, choncho anangowaika onse mbali imodzi, mzere wokhotakhota. Anagogoda chitini chija mpaka kadontho ka mtovu kanagwa, n'kukaikanso pamzere, pamalo pa mwini wake. Pansi pa bokosi anapeza burashi ya ubweya wa mphaka, nsonga yake ili yolimba ndi penti yachikasu. Duku ija Hilario ankaibwereza penti chaka ndi chaka kuti isafwifwe.

"Munthu wamkulu," anatero, akupukusa mutu. "Ndevu zonse zija."

Anaimika wa hatchi kutsogolo. Tebulo linagwedera, ndipo msilikaliyo anapendekeka. Clotilda anamugwira asanagwe, anawerama, n'kupinda kachikatoni, n'kukalowetsa pansi pa mwendo wa tebulo.