Dzenje Lachitatu

1.
Ndinalonjeza. Tsiku lonyamuka kupita kunja, mayi anandikokera pamwamba pa phiri, pakamwa pa dzenje lachitatu la mgodi wakale wa mtovu, m'mene bambo anakwiririka ine ndili kumsana. Gelesomu, ndikafa mudzandiike pano, pambali pawo. Musakayike mayi, ndinatero. Maso anga anali kumsewu.

2.
Pamenepo sipamera udzu.

3.
Zimene azungu a mgodi anasiya: maenje asanu, chumuni chothyoka pakati, njanji yosapita kulikonse, milu ya miyala yotuwa imene mbuzi zimailambalala, akazi amasiye.

4.
Unakalamba m'dziko la chisanu, iwe Gelesomu Chimtengo, ukuwerenga za migodi ya eni ake, mmene amaisamalira ngati tchalitchi, ukupsa mtima kuti kwanu ana akugumula chumuni kuti apeze njerwa, ndipo unalemba buku lonse, unayankhula m'misonkhano, unagogoda pakhomo lililonse la anthu osunga zakale, ukunena kuti kwathu timaiwala ngati nkhuku, kwathu mbiri timamangira khola la nkhumba, anakuombera m'manja, koma basi yopita kwanu sunaikwere

5.
Elube, mlongo wanga, pafoni. Achimwene, mayi atisiya. Mubwera, kapena mutumiza buku lina?

6.
Ndinabwera.

7.
Mpanda wa waya kuzungulira phiri. M'kati, atsikana awiri a ku yunivesite atagwada, akufukula nthaka ndi timiswachi. Kunja, ife ndi adzukulu okumba manda, makasu paphewa.
Pepani bwana, akutero mlonda pachipata, khasu sililowa muno. Ndi malo otetezedwa.
Bambo anga ali m'dzenje lachitatu, ndikutero.
Ndiye nawonso ndi otetezedwa, bwana.
Mkulu wa adzukulu akulavula. Azungu anaboola phiri lonseli, ife tikupempha kamalo ka gogo mmodzi basi. Kapena tibwereke kamswachiko, tikumbe mpaka chaka chamawa?

8.
Ine Elube ndinene. Chaka ndi chaka, mvula isanagwe, mayi ankakwera ndi tsache kukasesa padzenjelo, ngakhale panalibe chosesa. Pamenepo sipamera udzu. Atamanga mpanda, ankasesa kunja kwa waya. Ankati, musadandaule ana inu, Gelesomu akabwera adzatsegulitsa. Iye uja amadziwana ndi akuluakulu.

9.
Ine Gelesomu ndinaimba mafoni kwa akuluakuluwo, m'Chingerezi changa chabwino chija. Onse anakana mwaulemu. Lamulo limene linateteza malowa ndi lolimba, anatero, anthu analimenyera nkhondo. Kumudzi azimayi anali atatopa kuimba nyimbo za maliro. Dzuwa linali likuwotcha, ndipo maliro sadikira.

10.
Tisachedwe achimwene, akutero Elube. Koma musanatsike, muwerengereni mlondayu chikwangwanicho. Maso anu ndi ophunzira.
Ndikuwerenga. Malo ano anatetezedwa chifukwa cha khama la Dokotala G. Chimtengo, mwana wa kuno.
Munthu wamkulu ameneyo, akutero mlonda. Akuti amakhala kunja. Mumamudziwa?
Timangomumva, akuyankha Elube.

11.
Mayi tinawaika kumanda a mpingo, kuseri kwa phiri.