Chala cha Alamu pa Gemu Yanga

Ndalota ndili m'kati mwa gemu imene ndinapanga ndekha, ya pa kachipangizo kakale kam'manja koyendera mabatire. Njerwa zimagwa kuchokera kumwamba, zotentha ngati zangophulidwa mu uvuni, ine ndikuzisanja kuti zitseke mipata. Kuseri kwa galasi ndinaona chala cha alamu anga, chonona ndi mafuta a tchipisi, chikungodina paliponse.

"Alamu, mukundikwiriratu," ndinakuwa.

"Zachibwana izi sizingaphe munthu," anayankha akuseka.

Njerwa zinandifika m'khosi, m'kamwa muli fumbi lokhalokha.

Ndadzuka mtima ukuwawa. Kaya malotowa akutanthauzanji, sindikudziwa. Koma mabatire anga ndawapeza mu wailesi yawo, ndipo alamuwo moni wanga lero saumva.