Mayina Amene Timóteo Analemba pa Zitini

A Silvestro anayamba ntchito pamunda wa Senyoro Rafael, kufupi ndi Domwe, ndevu zisanawamere. Ine ndinkaweta ng'ombe pamenepo, iwo ankasunga nyumba ya mankhwala. Sankadziwa kuwerenga. Mankhwala onse ankakhala m'zitini zofanana, zija za mafuta a nyale, ndiye chitini chilichonse anachimangira chizindikiro chake. Luzi lopanda mfundo unali mchere wa ng'ombe. Luzi la mfundo unali mwala wabuluu wopopera kachewere. Kansalu kofiira anali mankhwala a nkhupakupa, aja akupha. Chitini chilichonse chinalinso ndi malo ake pathandala, ndipo dzanja lawo linkapitako lokha.

Mwana wawo Timóteo anabwerako kusukulu ya apadiri mu 1953 atavala nsapato. Mbuzi zonse za atate ake zinathera kusukuluko. Anabwera ndi kimika, maphunziro a za mankhwala, m'mutu, ndipo mchere analeka kuutcha mchere.

"Amayi, mundiwomu mwachepa cloreto de sódio," ankatero pakudya. Mayi ake, a Rufina, ankaseka mpaka misozi, n'kukafotokozera anzawo kuchitsime.

Patarau, ndiye kuti bwana wathu Senyoro Rafael, anamukonda mnyamatayo. Anamuuza kuti akonze nyumba ya mankhwala ioneke ngati ya ku Beira. Timóteo analowamo ndi mpeni ndi utoto wakuda.

"Zingwezi n'za chiyani, atate? Mwayamba ufiti?"

"Amenewo ndiwo maso anga, mwanawe. Usadule."

"Chinthu chilichonse chili ndi dzina lake. Taonani apa." Anadula luzi la mfundo, n'kulemba pachitinipo: Sulfato de cobre, CuSO4. "Cu ndi mkuwa. S ndi sulufule. O ndi mpweya umene tikupumawu, ndipo kanambala aka kakunena kuti alipo anayi."

"Anayi ati? Ine ndikuona mwala wabuluu basi."

"N'chifukwa chake mwakalambira panopa."

Analemba zitini zonse, ndipo analemba bwino, bodza ayi. Kenaka anati mankhwala ayenera kukhala potsata mayina awo, a fuko limodzi pamodzi. Mchere, NaCl, ndi mankhwala a nkhupakupa, arsenito de sódio, NaAsO2, onse akuti ndi a kwa sódio. Choncho mchere anausunthira pambali pang'ono, ndipo pamalo pake penipeni anakhazikapo chitini cha poizoni. Zonse ziwiri zinali ufa woyera. Timóteo anawauza atate ake, inde. Anawauza m'mayina ake omwewo, mothamanga, akupukuta utoto m'manja.

Lolemba m'mawa a Silvestro anatapa pamene ankatapa masiku onse. Anasakaniza ndi madeya, ng'ombe n'kunyambita mpaka modyeramo munawala. Dzuwa likupendeka zinayamba kutuluka dovu ndi kutsegula m'mimba. Zinagwa imodzi imodzi, pamodzi ndi nkhunzi imene patarau ankaikonda kuposa mkazi wake.

Patarau anatisonkhanitsa tonse pakhomo pa nyumba ya mankhwala. Anatulutsa chitinicho n'kuchiika pansi.

"Timóteo, werenga apa."

"Arsenito de sódio, Senyoro."

"Walemba molakwa?"

"Ayi, Senyoro. Na mmodzi, As mmodzi, O awiri. Palibe cholakwa."

"Ukalemba chonchi, munthu angati ndi mchere?"

"Munthu wodziwa kuwerenga sangatero, Senyoro."

A Silvestro anamuyang'ana mwana wawo, kudikira kuti anenepo za luzi ndi kansalu kofiira. Iye anangoima manja kumbuyo, monga anamuphunzitsira apadiri. Ine nditati ndiyambe kufotokoza, mbama ya patarau inandipeza ndisanamalize liwu loyamba.

Asipayi, apolisi a Apwitikizi, anabwera ndi palamatoriya, kathabwa komenyera m'manja. Anawatambasulitsa manja a Silvestro pamaso pathu, n'kuwamenya mpaka zikhatho zinang'ambika. Atatha anawamanga chingwe m'chiuno, ulendo wa ku chibalo, kukaswa miyala pamsewu. A Rufina anagwada pamaso pa mwana wawo, kumugwira miyendo.

"Pita ukawapepesere kwa mzungu wakoyo. Amakumvera iwe. Unene kuti unasuntha zitini."

"Amayi, mukufuna atitenge tonse awiri? Zinalembedwa poonekera. Ndinawaphunzitsa, iwo anakana kumva."

Anthu anamuuza mayiyo kuti athawire ku Dedza kudzera ku Kalomwe, kwa abale ake. Anakana. Anati adikira mwamuna wake.

A Silvestro anabwerako mvula itatha, akutsokomola, zala zitapindika ngati za nkhuku yakufa. Khasu silinkagwirikanso. Kumunda kwawo kunali thengo. Anaganiza kuti ntchito yotapa ndi kusakaniza angaithebe, ndiye anapita kunyumba ya mankhwala. Anapeza Timóteo ali kapatazi, kapitawo wathu, atakhala pampando pakhomo, mfungulo zili m'chiuno.

"Bambo," anatero mkuluyo kwa mwana wake, chipewa chili pachifuwa, "ndabwera kudzapempha kantchito."

Timóteo sanakalipe. Analowa m'kati, n'kutulutsa chitini chimodzi, n'kuchitembenuza kuti zilembo ziyang'ane kwa atate ake. Ife tinali pomwepo, tikumanga matumba a kachewere.

"Patarau analamula kuti wolowa muno azidziwa mayina. Lamulo ndi la aliyense. Tandiuzani, umu muli chiyani?"

A Silvestro anawerama, n'kuyandikitsa nkhope. Anayendetsa chala chopindikacho pazilembozo. Kenaka anafuna kutsegula chivundikiro kuti anunkhize.

"Ayi, atate. Osatsegula. Werengani."

Mkuluyo anakhala chiweramire nthawi yaitali.

"Ndi laimu?"

"Si laimu." Timóteo ananyamula chitinicho n'kuchibwezera m'kati, n'kukhoma chitseko. "Mukawauze amayi kuti Lamulungu ndibwera kudzadya. Asachulutse mchere."