Chitsulo Chakumanja

Domingo anali chigonere pansi pa lole pamene Fackson anaimitsa galimoto yake ya Zefa pagalaja m'lokeshoni ya Highfield n'kumukoka mwendo.

"Tulukani, a makaniko. Ndakubweretserani katundu wanu."

Anaponya pansi chitsulo chothyoka pakati. Chinali chimodzi mwa ziwiri zolumikiza chiwongolero ndi mateyala akutsogolo, zomwe Domingo anamuikira mwezi wathawo. Chakumanzerecho chinathyokera pa Machipisa, galimoto n'kugwera m'ngalande. Effie, mkazi wa Fackson, anali kumpando wakutsogolo, ndipo anapita padera.

"Mayi akupeza bwanji?" anafunsa Domingo akupukuta m'manja.

"Sakuyankhula. Taonani apa powotcherera. Penti wakuda pamwamba, basi chasanduka chatsopano."

Makasitomala amene ankadikira pabenchi anasendera pafupi. Domingo anaseka.

"Achimwene, masiku ano a masankishoni, katundu wakunja atasiya kulowa, ena akugulitsadi zinyalala, koma zanga n'za ku Joni, zotuluka m'bokosi. Inu mumathamanga ngati mukuthawa asilikali, ndiye mlandu ukhale wanga?"

"Ndiye kuti chakumanja chija, chomwe chikadali m'galimotomu, chili bwino?"

"Mudzachisiya ndinu."

"Kwerani tikachiyese. Wophika ndiye amayamba kulawa."

Maso onse anali pa Domingo. Anakwera.

Atangotuluka m'lokeshoni, Fackson analowa msewu wa ku Beatrice n'kuponda mafuta. Nyumba zinatha, kunayamba mapulazi a azungu. Chiwongolero chinkanjenjemera m'manja mwake. Maenje ankachita kuwalondola.

"Chepetsani, achimwene."

"N'cha ku Joni. Mukuopanji?"

"Ndili ndi ana."

"Inenso ndikanakhala naye."

Kutsogolo kunali phompho ndi kamlatho kopanda zotchinga. Domingo anagwira chitseko ndi manja onse awiri.

"N'chowotcherera! Zonse ziwiri ndinazitola ku sikirapu. Imani, chonde."

Fackson anawoloka kaye mlathowo, kenako anaima. Anadutsitsa mkono patsogolo pa Domingo n'kutsegula chitseko.

"Tsikani."

Domingo anatsika. Anayang'ana mipanda ya waya uku ndi uku. Masiku amenewo munthu wakuda wongoyenda pansi m'mapulazi ankatengedwa ngati wonyamulira chakudya anyamata a m'tchire omenyana ndi boma. Anadzisisita m'matumba a ovolosi.

"Chitupa changa chatsala m'jekete kugalaja. Akandipeza asilikali ndikanena chiyani?"

"Mukawauze kuti ndinu wa ku Joni, wotuluka m'bokosi. Pakamwa muli napo."

"Fackson, tonse ndife alendo m'dziko muno."

"Mukanakumbuka tsiku limene munkapaka penti."

Fackson anatembenuza galimoto. Pobwerera ankayenda pang'onopang'ono ngati wanyamula mazira, kuzemba kadzenje kalikonse. Chakufupi ndi tauni anapatukira lole ya asilikali imene inkalowera komwe iye ankachokera. Phazi lake linafika pabuleki, linakhalapo kanthawi, kenako analichotsa.