Timabuku Tisanu ndi Tiwiri

"Ine ndagonapo m'zipatala za mayiko atatu, mayi," ndinatero ndikuvula malaya. "Chipata, Tete, Lilongwe. Madokotala enieni, a mataye. Kuno kwa Dambe palibe amene wawononga ndalama pa thupi lake ngati ine."

Mayi Luwiza, namwino wa kachipatala kathu kopanda magetsi, anangoyang'ana zilonda zakuda zimene zinali pamsana panga. Munali mu 2004. Pa malole anga awiri onyamula mtedza panatsala imodzi. Inayo ndinagulitsa polipira mabedi, majekeseni ndi kupimitsa magazi. Yotsalayo wogula anali atayiona kale.

"Kabuku kanu kakuchipatala kali kuti?"

"Kati? Ine kabuku kakangoda ndimagula kena. Munthu ngati ine sangapatse dokotala wamtauni pepala lonunkha thukuta."

"Takale tija munataya?"

"Tili m'galimoto, pansi pa mpando."

"Katengeni tonse."

Tinalipo tisanu ndi tiwiri. Anatiyala patebulo motsatira madeti, nawerenga chamumtima, chala chikuyenda. Kulikonse ndinkafika ngati mlendo. Thupi likatentha, ankandipatsa fansida. Zilonda zikatuluka, bakitirimu. Zikakula, bedi, kenaka chipatala china.

Pomaliza anabwerera ku kabuku koyamba, kong'ambika chikuto. Patsamba lachiwiri panali mawu ofiira amene analemba yekha zaka zitatu m'mbuyomo: mankhwala awiriwa thupi langa limawakana, ndisapatsidwenso.

"Ndinakuuzani muli pampando womwewo, a Vitus. Koma munali pa changu, mumati boda itsekedwa."

"Nanga madokotala aja osaona bwanji?"

"Akanaona chiyani? Inu mumawapatsa tsamba loyera ngati mwabadwa dzulo."

Anatuluka, nakagula singano yaikulu ndi ulusi wosokera matumba pagolosale yapafupi. Anasoka timabuku tonse pamodzi, kakale kaja pamwamba. Sanandipatse mapiritsi alionse, koma mankhwala odzola basi, nati ndizibwera kwa iye yemweyo Lachiwiri lililonse.

Patatha masabata asanu khungu linapola, ndipo wogula lole uja ndinamubweza. Kuchipatalako ndinapita ndi envulopu yonenepa, mbuzi nditakoka pachingwe, anthu a pamzere akuona.

Mayi Luwiza anatsegula envulopuyo, nasolola makwacha makumi awiri okha.

"Izi ndi za ulusi ndi singano," anatero akundibwezera zotsalazo. "Mbuzi yanuyo muichotse pakhonde, ikudya maluwa. Wotsatira!"